Tiasilikali ta mtovu ta ku Limbe: chisoti chofiira kapena chakuda?

Bambo a Tadala (Chilomoni): Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za tiasilikali takale. Loweruka ndinapita ku msika wa Limbe kukasakira mwana nsapato, ndiye pa benchi ina ya zidole za kaunjika, pakati pa timagalimoto toguluka matayala ndi zidole zopanda mikono, ndinaona kachitini ka mabisiketi. Kutsegula, muli asilikali asanu. Si apulasitiki, ndi achitsulo, koma opepuka modabwitsa. Onse ndi anthu akuda, avala kabudula, mfuti paphewa, kumutu chisoti chachitali chofiira. Mmodzi mutu unathyoka kalekale ndipo wina anaulumikiza ndi kamtengo ka machesi. Pansi pa poimira pali timalemba, ndikutha kuwerengapo Britains ndi England. Zithunzi ndi izo. Mayi ogulitsawo amafuna andiwonjezere kamfuti kothira madzi kuti mtengo ukwane bwino, ndinakana kkkk.

Mjomba wa ku Ndirande: Achimwene, kuchoka ku Chilomoni mpaka Limbe kukagula zidole, nsapato za mwana zinagulidwa koma?

Bambo a Tadala (Chilomoni): Zinagulidwa mjomba, musandiyambanitse ndi amake Tadala.

Madala a ku Namiwawa: Bambo a Tadala, choyamba, musawatsuke. Musawaike m'madzi, musawapake sopo, musawakhule ndi chilichonse. Kachiwiri, tatengani mmodzi muyang'ane pamwamba pa chisotipo. Mukuona kabowo kakang'ono?

Bambo a Tadala (Chilomoni): Kalipo madala. Ndimayesa kuti anachita kuboola ana.

Madala a ku Namiwawa: Ayi, nkochokera ku fakitale. Mwatola zinthu zabwino. Amenewo ndi a kampani ya William Britain ya ku London, ndipo akuimira King's African Rifles, Keyala yathu yomwe ija. M'kabuku ka katundu wawo bokosi limeneli linali nambala 225. Kupepukako chifukwa chake nchakuti m'kati mulibe kanthu. Kale tiasilikali tambiri ta ku Ulaya tinkachokera ku Germany ndi ku France, kwa Heyde ku Dresden ndi kwa Mignot ku Paris, ndipo tinali ta chitsulo chokhachokha mpaka m'kati, tolemera, todula. Mu 1893 a Britain anayamba njira ina. Amathira mtovu wosungunula m'chikombole, umene wakhudza m'mbali mwa chikombolemo umauma msanga, ndiye mmisiri amatembenuza chikombole nkukhuthula wotsalawo usanaume. Kabowo mukukaonako ndi pamene mtovu unatulukira. Mtovu wopangira msilikali mmodzi wa ku Germany unkakwana angapo, mtengo unatsika, mpaka ana a anthu wamba anayamba kugula. Koma kuipa kwake ndi komwe mwakuonako, khosi silichedwa kuthyoka. Kamtengo ka machesi ndi mankhwala amene ana a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito kulikonse, ine ndili nawo atatu otero. Musakachotse.

Tayesaninso kugwedeza mkono wogwira mfutiwo pang'onopang'ono. Uyenera kuyenda.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Eee ukuyendadi! Pa awiri okha, enawo wauma.

Madala a ku Namiwawa: Asiyeni choncho, musakakamize.

Mtsikana wa Maakaunti: Funso la ife osadziwa: ndiye kuti ndi a chaka chanji, ndipo angagule ndalama zingati? Osandiseka, ntchito yanga ndi imeneyo.

Madala a ku Namiwawa: Chaka chenicheni sindingachitchule pa chithunzi, koma sangakhale a pambuyo pa 1966, chifukwa chaka chimenecho ndi pamene kampaniyi inasiya kupanga zidole za ana za mtovu. Za mtengo, mwanangu, musayembekezere kugula nawo poloti ku Chileka. Ogula a kunja amafuna gulu lathunthu, penti yosasupuka, ndi bokosi lake lofiira lija lili ndi chipepala chake pamwamba. Nthawi zina bokosi lopanda kanthu limadula kuposa msilikali. Awa ndi asanu, mmodzi wovulala, bokosi palibe. Phindu lawo ndi lakuti ndi a Keyala ndipo apezeka ku Limbe.

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Ndalowa mochedwa, ndimalemba malipoti a ana. Ndaona zithunzi. Nzokongola, koma bambo a Tadala, ndikukhumudwitseni pang'ono. Amenewo si anyamata a ku Zomba. Mabataliyoni a Keyala a kuno ku Nyasaland, loyamba ndi lachiwiri, ankavala chisoti chakuda. Chofiira chinali cha anzawo a mbali zina monga Kenya ndi Uganda. Ndiye amene mwatolawo ndi alendo, ngati mukufuna kuwapatsa mudzi apatseni Nairobi kapena Bombo.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Aaa mayi, ine ndauza kale ana kuti awa ndi anzawo a agogo awo.

Mjomba wa ku Ndirande: Vuto lili pati? Penti wakuda alipo. Bweretsani kuno mawa, mphindi zisanu zokha onse akhala a ku Zomba.

Madala a ku Namiwawa: Mjomba, chotsani manja anu pamenepo.

Mjomba wa ku Ndirande: Kkkk madala akwiya. Koma ndikufunsa zenizeni. Ngati chisoti chili cholakwika, kukonza nkulakwa?

Madala a ku Namiwawa: Sicholakwika, ndi cha bataliyoni ina. Ndipo penti imene ili pamenepo ndi mbiri payokha. Tiasilikali timeneti tinkapentedwa pamanja, kamodzikamodzi, makamaka ndi amayi, ena ku fakitale ena kunyumba kwawo, akulipidwa potengera kuchuluka kwa amene amaliza. Mukayang'ana ndi galasi lokuzira muona kuti maso ndi timadontho tiwiri tokha, ndipo palibe awiri ofanana ndendende. Pa chithunzi chachitatu cha bambo a Tadala, yang'anani wa kumanzere, diso limodzi lakwera kuposa linzake. Dzanja la munthu limenelo, mwina linali litatopa madzulo. Mukapaka penti wanu wa ku hadiweya mwafafaniza zimenezo, ndipo kwa osonkhanitsa, msilikali wopentedwanso amatsika mtengo kwambiri.

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Pamenepo ndikugwirizana nanu madala, ngakhale chifukwa changa nchina. Asiyidwe ofiira kuti mwana akafunsa, bambo ake amuuze kuti fakitale ya ku London inkaona askari yense ngati mmodzi. Phunziro lili pomwepo.

Nachisale: Pepani ndilowererepo. Ine nkhani ya zidole za asilikali a atsamunda imandivuta, ndinene poyera. Agogo anga aamuna anapita ku Burma. Anabwera ndi chifuwa chosatha ndi mamendulo amene agogo aakazi ankasungira m'kachikwama ka fodya. Zimene analonjezedwa sanazione. Ndiye ndikaona kachidole konyezimira, kakuguba mosangalala, kopangidwira mwana wa mzungu kuti azisewera nako pa kapeti, mtima wanga suvomera. Kodi tikusonkhanitsa chiyani kwenikweni?

Che Bwanali (Bangwe): Achemwali mwafunsa funso lolemera. Koma taonani mbali inayi. Kwathu ku Mangochi timavina beni. Malaya a khaki, maudindo a usajeni ndi ukaputeni, kuguba, wisulo, zonsezo zinachokera ku usilikali womwewo. Ku Nkhata Bay ndi ku Karonga ali ndi malipenga, ku chigawo chapakati mganda. Makolo athu amene anaiona nkhondo ndi maso sanaitaye, anaisandutsa gule, ena mpaka kumawanyogodola azungu momwemo. Ngati iwo anatha kuvina, ine sindiona choletsa kuti mdzukulu aike kamsilikali pa shelefu.

Nachisale: Kusiyana kwake che Bwanali nkwakuti beni tinapanga tokha. Kachidoleka anatipangira ena.

Che Bwanali (Bangwe): Pamenepo mwandigwira.

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Achemwali a Nachisale, ine ndimaphunzitsa mbiri, ndipo ndikuuzeni zimene ndimaona m'kalasi. Ndikalemba pa bolodi kuti King's African Rifles inakhazikitsidwa mu 1902, ana amakopera nkuiwala. Ndikawauza kuti asilikali a kuno anatumizidwa ku Mauritius, ku nkhondo ya Asante ku Gold Coast mu 1900, ndi ku Somaliland, amangoti eya madamu. Ambiri amadutsa pa chipilala cha Keyala ku Zomba osadziwa kuti nchachiyani, ndipo Cobbe Barracks amangoiyesa dzina chabe, osadziwa kuti Alexander Cobbe anali msilikali wachizungu amene analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba ya ku Britain ya olimba mtima, pa nkhondo ya ku Somaliland mu 1902, akutsogolera anthu a kuno. Amene anafa pambali pake mayina awo sitiwatchula. Koma tsiku lina madala a ku Namiwawa anandibwereka asilikali awo angapo, ndinawaika pa tebulo, kalasi yonse inaimirira. Mafunso anayamba kugwa: bwanji ena alibe nsapato, bwanji mzungu yekha ndiye ali ndi kamfuti kakang'ono, ankalandira ndalama zingati, anapita mofuna okha kapena anachita kugwidwa. Mafunso amenewo sali kutali ndi omwe John Chilembwe anafunsa m'kalata yake ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, miyezi yochepa asanaukire mu Januwale 1915. Ndiye kachidole sikayankha funso lanulo, koma kamachititsa mwana kulifunsa.

Nachisale: Ndamva mayi. Sindinagonje koma ndamva.

Adimini: Takulandirani amene mwangolowa kumene. Chonde nkhani ya lero ndi tiasilikali, amene mukutumiza zotsatsa mbatata za ku Ntcheu ndikuchotsani.

Mjomba wa ku Ndirande: Chabwino, a bambo a Tadala asapentedwe, ndavomera. Koma a Nachisale anena mfundo. Bwanji osapanga athu? Ife kuno ku Ndirande timaumba mapoto ndi zikombole za mchenga tsiku ndi tsiku. Mundipatse mmodzi ndidinde chikombole, mtovu ndikachotsa m'mabatire akutha a galimoto, pofika Lamlungu muli ndi bataliyoni yonse ya chisoti chakuda.

Anamwino (Chirimba): Mjomba, ayi. Ayi ndithu. Ndakhala chete nthawi yonseyi koma apa ndiyankhule. Mtovu ndi poizoni. Mukamaswa batire ndi kusungunula mtovu pakhomo, fumbi lake limagwera pansi pamene ana amakwawa, limakakamira pa zovala, limalowa m'chakudya. Mwana savutika kuti aumeze, kungoika zala m'kamwa basi. Umawononga ubongo wa mwana, amachedwa kuphunzira, magazi amachepa, ndipo zimene zawonongeka sizibwerera. Mayi woyembekezera naye umafika kwa mwana ali m'mimba. Palibe mlingo umene tinganene kuti uwu ndi wabwinobwino. Azungu omwewo anasiya kupangira ana zidole za mtovu pa chifukwa chimenechi. Bambo a Tadala, inunso, Tadala ali ndi zaka zingati?

Bambo a Tadala (Chilomoni): Zinayi, amayi.

Anamwino (Chirimba): Ndiye asilikaliwo akhale pamwamba, m'kabati yotseka. Aziwaona ndi maso. Inu mukawagwira musambe m'manja musanadye. Penti yakaleyo nayonso musaikhulupirire.

Mjomba wa ku Ndirande: Ndamva amayi. Nanga aluminiyamu wa mapoto?

Madala a ku Namiwawa: Aluminiyamu ena anayesapo, ku France kunali kampani ya Quiralu imene inkapanga otero. Koma mchenga sugwira tizinthu ting'onoting'ono ngati mabatani ndi zala. Msilikali wa 54mm ndi wamfupi kuposa chala chanu cha mkombaphala, mjomba. Atuluka ngati chiboliboli chosamaliza.

Poti a Anamwino atchula za kabati, ndiwonjezere. Kabati isakhale ya chinyezi, ndipo muzitsegula nthawi zina kuti mphepo ipite. Mtovu uli ndi matenda ake. Umayamba kutuwa, kenako pamatuluka kaufa koyera, msilikali nkumafumbutuka mpaka mwendo kugwa wokha. Chimayambitsa ndi chinyezi pamodzi ndi asidi amene amatuluka m'matabwa ena ndi m'guluu wina. Ku Ulaya amadandaula kwambiri ndi matabwa a oak. Kuno mdani wathu ndi chiperoni cha June ndi July ndi mvula ya Januwale. Mukaona mmodzi wayamba kutuwa mumpatule kwa anzake. Ndipo m'kachitini ka mabisiketi muwachotsemo lero lomwe, akamagundana penti imathothoka. Aliyense mumukulunge payekha ndi kapepala kofewa.

Mnyamata wa ku MUBAS: Madala, nanga apulasitiki mumawawerengera? Ine ndinayamba ndi obiriwira aja a m'mapaketi, kenako ndinapeza a Airfix ang'onoang'ono a 1:72, asilikali a Eighth Army ya Britain ndi Afrika Korps ya Germany, a nkhondo yachiwiri. Kapena kwa inu amenewo ndi zinyalala?

Madala a ku Namiwawa: Zinyalala bwanji? Ine amene ndinayamba ndi apulasitiki. Bambo anga ankagwira ntchito ya ukalaliki ku kampani ina ya tiyi ku Thyolo, ndiye banja lina la azungu pobwerera kwawo linawasiyira katoni ya zinthu za ana. Munali a Herald, a Timpo amene mutu ndi miyendo zimazuka nkusinthanitsa, ndi a Britains Deetail amene thupi ndi pulasitiki koma poimira pake ndi chitsulo, amenewo anayamba mu 1971. Theka tinataya ku dambo pomenya nkhondo ndi malegeni. Otsalawo ndi amene ndikusunga mpaka lero. Koma pulasitiki yakale nayo ili ndi vuto lake, imauma nkumathyoka ngati chigwada chouma, makamaka ikaona dzuwa. Musawaike pawindo.

Mnyamata wa ku MUBAS: Ndafunsa chifukwa ndili ndi ganizo. Masiku ano pali makina a 3D printer. Munthu amajambula msilikali pa kompyuta, makina nkumutulutsa mu resin, pulasitiki yamadzimadzi imene imauma nkulimba, mabatani ndi zingwe zonse kuoneka. Palibe mtovu, palibe kuyitanitsa kunja. Poti kuyitanitsa ndiye nkhani ina, ndinayang'ana a King & Country a ku Hong Kong aja, okongola zedi, koma msilikali mmodzi yekha mukaphatikiza kutumiza ndi msonkho, ndi ndalama yanga ya chakudya ya mwezi. Ndalama zakunja zomwe zikusowazi, khadi imangokana.

Mtsikana wa Maakaunti: Resin nayenso mugula ndi madola, musaiwale.

Mnyamata wa ku MUBAS: Asisi musandiphere maloto.

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Ngati mukupangadi athu, ndipemphe chinthu chimodzi. Musayambe ndi msilikali. Muyambe ndi mtengatenga.

Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, amuna a ku Nyasaland amene anavala yunifomu anali pafupifupi 19,000. Amene anasenza katundu anali pafupifupi 200,000. Taganizani, dziko la anthu ochepa ngati mmene linalili nthawi imeneyo. Misewu inali yochepa, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndiye chakudya, zipolopolo, matenti, mankhwala, zonse zinkayenda pamutu pa munthu, kuchoka ku nyanja kulowa m'mapiri a German East Africa, kenako ku Mozambique, kuthamangitsa Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany, amene sanagwidwe mpaka anakadzipereka yekha ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ambiri sanapite mofuna, mafumu ankalamulidwa kupereka anthu, ena ankagwidwa usiku. Ankafa ndi kamwazi, malungo, chibayo, njala, ndipo pobwera anapeza chimfine cha 1918 chikupulula anthu m'midzi. Msilikali aliyense amene mukumuika pa shelefu, kumbuyo kwake kuyenera kukhala mzere wa anthu khumi osenza. Shelefu ya asilikali okhaokha ikunama.

Che Bwanali (Bangwe): Mawu amenewo ndi oona. Kwathu akuluakulu ankati ukamva kuti mtengatenga, anthu amathawira kuphiri.

Madala a ku Namiwawa: Kunena chilungamo, tizidole ta anthu osenza katundu tilipo. Makampani ang'onoang'ono a ku Britain amene amapanga ta 28mm, tosapenta, ta anthu osewera masewera a nkhondo pa tebulo, amapanga askari ndi osenza omwe. Koma ambiri amawapangira nkhani za azungu oyendera Africa, munthu wonenepa bwino atasenza bokosi kapena mnyanga wa njovu. Mtengatenga wa 1917, woonda, wofunda chiguduli cha bulangete, mapazi otupa ndi matekenya, ameneyo ine sindinamuonepo pa shelefu ya munthu.

Nachisale: Ameneyo ndiye ndingamuike m'nyumba mwanga.

Mjomba wa ku Ndirande: Ndiye bwanji osapita kwa osema ziboliboli a m'tauni? Anthu aja amasema tizidutswa ta chess tating'ono kwambiri, nkhope kuoneka bwinobwino. Ndili ndi mlamu wanga amasema ku Bangwe. Mtengo sufuna madola.

Mnyamata wa ku MUBAS: Koma sangafanane onse.

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Asafanane kumene. Amtengatenga analibe yunifomu.

Madala a ku Namiwawa: Ganizo la mjomba ndalikonda, ndipo si kawirikawiri. Kungoti mlamu wanuyo mumuuze msinkhu. Akhale 54mm kuchokera kuphazi kufika kumutu, osawerengera katundu, kuti akaima pambali pa a bambo a Tadala asaoneke chimphona. Ndipo asamupake polishi wa nsapato ngati za alendo zija. Mtengo wofewa woyera ndi wabwino, timupenta tokha ndi penti wa acrylic. Wa mafuta wa ku hadiweya ndi wokhuthala, amakwirira nkhope.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Abale, ine ndinangofunsa za kachitini ka mabisiketi, pano tatsegula fakitale.

Mkulu wa ku Karonga: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndimakhala ku Machinjiri koma kwathu ndi ku Karonga. Ngati mukupanga zimenezi musaiwale kuti nkhondo imeneyo inafika pa nthaka yathu. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Germany anaukira boma la Karonga, ndipo manda a amene anafa alipo mpaka lero. Komanso pa nyanja, mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, sitima ya Britain ya Guendolen inapita ku Sphinxhaven, kumene pano amati Liuli ku Tanzania, nkukaombera sitima ya Germany ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wa ku Germany sankadziwa nkomwe kuti nkhondo yayamba, anabwera pa bwato kudzakalipira Kaputeni Rhoades wa Guendolen, mnzake womwa naye, kuti kodi waledzera. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi. Ine ndikanakonda wina apange kachithunzi ka Karonga pa thabwa, ndi mitengo ya migwalangwa, nyanja, askari a mbali zonse ziwiri. Poti a mbali inayo nawonso anali anthu akuda, ena a mitundu yomweyi ya m'malire.

Che Bwanali (Bangwe): Mfutiyo ndimaidziwa, tinkakwerapo tili ana.

Mnyamata wa ku MUBAS: Thabwalo ndipanga ine. Nyanja ndi resin, mchenga ndikatapa ku Mudi, mitengo ndi waya ndi siponji. Tonse tinapangapo magalimoto a waya, luso lilipo kale.

Anamwino (Chirimba): Mchenga wa ku Mudi muutsuke kaye, mwanangu.

Nachisale: Madala, funso. Ndili ndi chithunzi cha agogo anga atavala yunifomu. Ndapita kukachiyang'ana pompano chifukwa cha nkhani ya zisotiyi. Sanavale chisoti chachitali ayi, avala chipewa chachikulu chopinda mbali imodzi. Ndiye kuti sanali a Keyala?

Madala a ku Namiwawa: Anali a Keyala ndithu. Chisoti chachitali chinali cha pa perete. Pa nkhondo yachiwiri, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma, ankavala chipewa chomwe mukunenacho. Ngati anapita ku Burma, nkutheka kuti anali mu 11th East African Division, imene mu 1944 inadutsa chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Chigwa chimenecho chinali cha malungo ndi matope osaneneka. Chifuwa mukunenacho sindikudabwa nacho. Tayang'anani pa mbali yopindayo, pali kabaji? Ndipo mamendulo aja akadalipo? Ngati pali ya nyenyezi yokhala ndi kansalu kofiira pakati, m'mbali mwake buluu ndi olenji, imeneyo ndi Burma Star.

Nachisale: Kabaji kalipo koma chithunzi chafufuma, nambala sikuoneka. Mamendulo ali kwa azakhali ku Ntcheu. Ndiwaimbira madzulo, kungoti foni yawo imakhala kotchaja masiku ambiri.

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Mukapeza nambala yawo ya usilikali muilembe penapake. Ku laibulale ya Society of Malawi, pamwamba pa Mandala House, kuli mabuku ndi zithunzi zakale zambiri, mukhoza kukafananiza yunifomuyo. Ndipo amene simunapiteko ku Museum ya ku Chichiri chichokereni ku pulayimale, pitaniko, musamangodutsa pa minibasi.

Mtsikana wa Maakaunti: Ndiye tiwerengere. Mlamu wa mjomba asema mtengatenga mmodzi woyesera, tione. Akakhala bwino tisonkha. Asilikali a bambo a Tadala ndi asanu, pa mawerengedwe a mayi mphunzitsi pafunika osenza makumi asanu. Mjomba, funsani mtengo wa mmodzi ndi mtengo wa ambiri, asatiuze mtengo wa azungu.

Mjomba wa ku Ndirande: Ndamuimbira kale. Akuti vuto palibe, koma akufunsa kuti katunduyo akhale wotani, bokosi, thumba kapena mtolo? Ndipo pamutu pakhale nkhata?

Mayi Mphunzitsi (Zingwangwa): Nkhata ikhalepo. Katundu asiyanitse, ena matumba a ufa ndi mpunga, ena mabokosi a zipolopolo, awiri anyamule machira. Ndimutumizira zithunzi zakale kudzera kwa inu.

Madala a ku Namiwawa: Woyambayo akhale wa thumba, ngosavuta. Loweruka masana ndili pakhomo, amene akufuna kudzaona anga abwere, ndituma malo ku inbox. Bambo a Tadala mubwere nawo asanuwo, ndikufuna ndione pansi pa poimirapo ndi galasi, timalembato timathandiza kudziwa ngati ndi a nkhondo yachiwiri isanachitike kapena itatha. Muwakulunge bwino, mu minibasi musawaike m'thumba la kumbuyo.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Ndibwera madala. Ndidutsanso ku Limbe m'mawa, mayi aja anati belo lomwelo linali ndi kachitini kena koma anatengera mwana wawo kunyumba.

Anamwino (Chirimba): Mwana wa zaka zingati? Muwauze amulande lero lomwe. Ngati muli ndi nambala yawo aimbireni pompano, musadikire Loweruka.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Nambala ndilibe, koma benchi ndikuidziwa. Ndipitako mawa ndikaweruka.